Wagwa, wadzuka, akuseka: musamusiye akagone yekha

Ikani chala pakati pa diso ndi khutu, chakumwamba pang'ono, kenaka mutafune ngati muli ndi chingowe mkamwa. Pamene mnofu ukuyendapo ndi pa litsipa. Fupa la pamenepa ndi lopyapyala kwambiri, ndipo mpomwe mafupa anayi a chigaza amakumana.

Pansi pa chigaza, pomwe ubongo umakhazikika, si posalala ngati mbale. Pali maenje atatu otsetsereka ngati masitepe: lakutsogolo pamwamba pa maso, lapakati, ndi lakumbuyo cha kunkhongo. Lapakatili madokotala amalitcha middle cranial fossa, ndipo limaoneka ngati gulugufe wotambasula mapiko. M'mapikomo mumagona mbali za ubongo zotithandiza kumva, kukumbukira ndi kuzindikira mawu. Pakati pake pali kampando kosunga pituitary, kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa, kamene kamathandiza kulamulira kukula kwa thupi, kubereka ndi mkaka wa m'mawere.

Dzenjeli lili ndi timabowo tambiri. M'timabowomu mumadutsa mitsempha yoyendetsa diso komanso yomwe imakuuzani kuti dzino likuwawa. Pa kabowo kena, kotchedwa foramen spinosum, pamalowa mtsempha wa magazi wa middle meningeal, womwe umakwera motsatira fupa mkati mwake, n'kudutsa pa litsipa penipeni.

Nkhani yagona pamenepa. Munthu akagwa pa njinga ya kabaza, akagendedwa kapena kumenyedwa ndi chibonga, fupa lopyapyalalo limatha kusweka n'kung'amba mtsemphawo. Magazi satulukira kunja ayi. Amaunjikana pakati pa chigaza ndi nembanemba yokuta ubongo, ndipo poti chigaza sichifutukuka, ubongo ndiwo umapanikizika. Choopsa n'chakuti ena amakomoka pang'ono, n'kudzuka, kudzisasa fumbi, kulankhula bwinobwino. Anthu amati wapulumuka. Pakapita maola ochepa mutu umayamba kuwawa kwambiri, amasanza, amawodzera, mpaka osadzukanso.

Zotere zinamuchitikira Natasha Richardson, katswiri wa zisudzo wa ku Britain, m'mwezi wa Marichi 2009. Anagwa akuphunzira masewera otsetsereka pa chipale ku Mont Tremblant, m'dziko la Canada. Anadzuka ali bwino ndipo poyamba anakana thandizo la achipatala. Patatha masiku awiri anamwalira ku New York ali ndi zaka 45. Ndalama anali nazo, zipatala zabwino zinalipo. Chimene chinatayika ndi nthawi.

Tsono m'bale wanu akavulala kumutu, makamaka ngati anakomoka ngakhale kwa kanthawi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo usiku pakhale womuyang'anira. Muthamange naye mukaona akusanza mobwerezabwereza, akusokonekera polankhula, akuvuta kudzutsa, akuphupha ngati wakhunyu, kapena dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zafooka. Muyang'anenso m'maso. Kamwana ka diso limodzi kakakula kuposa kanzake, nthawi zambiri ndiye kuti ubongo wapanikiza mtsempha wa disolo, ndipo nthawi yatsala yochepa. Tisafulumire kunena kuti waledzera, pakuti ambiri amachedwetsedwa ndi mawu amenewa, makamaka akamanunkhadi mowa.

Fupa losunga ziwalo za mkati mwa khutu ndi gawo la dzenje lomweli. Likasweka, m'khutu mumatuluka magazi kapena madzi oyera, omwe angakhale madzi ozungulira ubongo. Musatsekemo thonje, musathiremo mafuta kapena mankhwala azitsamba. Ingophimbani ndi kansalu koyera. Kuseri kwa khutu kukhoza kuda pakapita tsiku kapena awiri, ndipo ena pakamwa pamapotoka. Asipirini musamupatse chifukwa amachedwetsa kuundana kwa magazi. Pomunyamula, khosi lisagwedezeke.

Vutoli limachizika. Madokotala amajambula mutu ndi makina a CT, n'kutsegula chigaza, kuchotsa magaziwo ndi kutseka mtsemphawo. Ambiri amene afika msanga amachira n'kubwerera kuntchito zawo. Koma opaleshoni yotere imachitikira kuzipatala zazikulu, ndiye muwauze achipatala cha kwanuko nthawi imene anagwa, ngati anakomoka, ndi zimene zasintha kuchokera pamenepo, kuti amutumize mwachangu.

Za helemeti nazo: chipewa cha omanga nyumba chimene ena akabaza amavala chimathera pamwamba pa makutu, litsipa lili pamtunda. Pokwera njinga yamoto funsani helemeti yofika m'makutu, ndipo mumange lamba wake pansi pa chibwano.