Chithandizo cha Chipatala ku Joni: Zoyenera Kudziwa Mbale Wathu Asananyamuke

M'midzi ya m'chigwa cha Domasi, kuyambira ku Songani mpaka ku Malosa, mabanja ambiri ali ndi mwana, mlongo kapena mkamwini ku South Africa. Pokonzekera ulendowu timaganiza za pasipoti, ndalama ya basi ndi munthu wokafikirako. Za matenda sitikambirana, kufikira tsiku limene lamya ilira usiku kuti mbale wathu wagonekedwa m'chipatala ku Johannesburg ndipo pakufunika ndalama. Apo mbuzi zimagulitsidwa motchipa, mwinanso dimba n'kupinyolitsidwa.

Makolo athu amene ankapita kumigodi kudzera ku Wenela ndi Teba sankada nkhawa ndi zimenezi, popeza eni migodi adali ndi zipatala zawo. Kulemba anthu kotereku kudatha m'chaka cha 1988. Lero munthu amapita payekha, ndipo akadwala amadzionera yekha. Tiyeni tsono tione njira zimene zilipo, podziwa kuti inshuwalansi ya zaumoyo sigulidwa munthu atadwala kale.

Kusiyana kwa kuno ndi kumeneko

Kuno kwathu munthu amalandira chithandizo chaulere pa chipatala cha boma cha Domasi kapena pa chipatala chachikulu cha Zomba. Pa zipatala za mishoni za m'bungwe la CHAM, monga St Luke's ku Malosa, amalipira kangachepe. Apantchito ena ali ndi khadi la MASM. Ku South Africa zipatala zomwe si zaboma n'zodula kwambiri, ndipo amene amapitako ndi amene ali ndi ndalama zambiri kapena ali pa medical aid. Medical aid ndi bungwe limene mamembala ake amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo wina akadwala bungwelo limamulipirira. Mabungwewa amayendera lamulo la Medical Schemes Act la 1998, ndipo amene amawayang'anira ndi a Council for Medical Schemes. Ena mwa odziwika ndi Discovery Health, Bonitas ndi Momentum.

Ndani angalowe

Mlendo amaloledwa kulowa. Lamulo limaletsa mabungwe otsegukira aliyense kukana munthu chifukwa cha msinkhu kapena matenda ake, ndiponso kumulipiritsa zambiri chifukwa choti ndi wodwaladwala. Komabe polembetsa amafuna pasipoti, kawirikawiri pamodzi ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo, ndi akaunti ya kubanki yodulako ndalama mwezi uliwonse. Pamenepa ndi pamene abale athu ambiri amakanikira. Mmalawi amaloledwa kulowa m'dzikomo popanda viza kwa masiku 30 okha ngati mlendo wodzacheza, ndipo amene wapitirira masikuwa popanda chilolezo amavutika kutsegula akaunti.

Kwa ophunzira nkhaniyi ndi yokakamiza. Malamulo a zolowa ndi kutuluka a 2014 amafuna kuti wopempha viza ya maphunziro aonetse umboni woti ali pa medical aid yolembetsedwa ku South Africa komweko. Khadi la MASM kapena inshuwalansi ya paulendo sizilowa m'malo mwake. Choncho mphunzitsi wochokera ku koleji ya Domasi amene wapeza malo pa yunivesite ya kumeneko awerengeretu ndalama imeneyi pamodzi ndi fizi.

Nthawi yodikira

Ambiri amadabwa kuona kuti ayamba kusonkha koma bungwe likukana kuwalipirira. Lamulo limalola bungwe kuika miyezi 3 yodikira kwa membala watsopano, pamene amasonkha koma salandira chithandizo. Limalolanso miyezi 12 yodikira pa matenda amene munthu adali nawo kale polowa, monga shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ngakhalenso pakati pamene mayi adali napo kale. Cholinga chake n'kuteteza thumba la onse kwa anthu amene amalowa pokhapokha aona kuti opaleshoni yayandikira. Wobisa matenda polemba fomu angathe kuchotsedwa bungwe likazindikira.

Palinso chilango cha olowa mochedwa, chokhudza anthu a zaka 35 kapena kuposerapo amene sadakhalepo pa medical aid ya m'dzikomo. Amawerengera zaka zimene munthu wakhala wopanda medical aid atakwanitsa zaka 35. Zikakhala 1 mpaka 4 angamuwonjezere 5 peresenti pa ndalama ya pamwezi. 5 mpaka 14, ndi 25 peresenti. 15 mpaka 24, ndi 50 peresenti. Ndipo zaka 25 kapena kuposa, ndi 75 peresenti. Bambo wa zaka 45 amene akulowa koyamba angalipire 25 peresenti yapamwamba mwezi uliwonse. Zaka zimene adali pa inshuwalansi ya kuno ku Malawi saziwerengera.

Ubwino wake ndi wakuti nthawi yodikira ikatha, medical aid iliyonse, ngakhale yotsika mtengo, imakakamizidwa ndi lamulo kulipira chithandizo cha mwadzidzidzi, matenda pafupifupi 270 olembedwa m'malamulo, ndi matenda a mgonagona monga shuga, mphumu, khunyu ndi HIV. Mapulani otchipa amauza membala zipatala ndi madokotala oyenera kupitako. Wopita kwina angadzilipirire gawo lina.

Tisasokoneze zinthu zitatu

Pali makampani ogulitsa inshuwalansi yotchipa imene imangopereka ndalama yoikika pa tsiku lililonse limene munthu wagona m'chipatala, kapena kulipira dokotala wamba kangapo pachaka. Imeneyi si medical aid, ndipo singalipire bilu yonse ya opaleshoni. Palinso inshuwalansi ya maliro ndi magulu osonkherana, zimene zimathandiza kubweretsa thupi kumudzi koma sizilipira mankhwala. Akulu adati safunsa adadya phula. Munthu asanasayine afunse ngati bungwelo lili m'kaundula wa Council for Medical Schemes, miyezi yodikira ndi ingati, ndi zipatala ziti zimene angapiteko.

Nanga amene alibe medical aid?

Abale athu ochuluka amagwira ntchito za m'nyumba, za m'minda ya maluwa ndi za zomangamanga, ndipo malipiro awo sangakwanitse medical aid. Iwowa adziwe kuti malamulo sadawataye. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la South Africa limati munthu aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe woyenera kukanizidwa chithandizo cha mwadzidzidzi. Pa zipatala zing'onozing'ono za boma chithandizo ndi chaulere, kuphatikizapo mankhwala a chifuwa chachikulu ndi ma ARV. Pa zipatala zikuluzikulu za boma odwala amalipira, ndipo ambiri amawayeza molingana ndi zimene amapeza pamwezi. N'chifukwa chake n'kothandiza kunyamula kalata yosonyeza malipiro kapena yosonyeza kuti munthu sali pantchito.

Mu Epulo 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg lidagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azilandira chithandizo chaulere pa zipatala zonse za boma, posayang'ana dziko lawo kapena mapepala awo. M'chaka cha 2025 gulu la Operation Dudula linkatchinga alendo pazipata za zipatala zina, koma mu Novembala chaka chomwecho khoti lidaletsa mchitidwewu. Wovulala pantchito ali ndi ufulu wa chipukutamisozi kuchokera ku thumba la boma la Compensation Fund, ndipo mu Novembala 2020 khoti loona za malamulo aakulu lidagamula kuti antchito a m'nyumba nawonso ali ndi ufuluwu.

Tidziwenso kuti mu Meyi 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa adasayina lamulo la National Health Insurance, lokhazikitsa thumba limodzi la dziko lonse. Lamuloli lidakonzedwa kuti liyambe pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, ndipo mabungwe angapo adakalitsutsa kukhoti. Mwa zina limati mlendo wopanda mapepala azithandizidwa pa zamwadzidzidzi ndi pa matenda opatsirana oopsa basi. Ichi n'chifukwa chinanso chokonzera mapepala.

Zochita tisanaperekeze munthu

Amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku apite kuchipatala asananyamuke, akatenge kalata yomusamutsa ndi mankhwala okwanira masabata oyamba, ndipo asaiwale kabuku kake ka kuchipatala. Wopita ndi chilolezo cha ntchito afunse abwana ake ngati kampani imathandiza kulipira medical aid, ndipo alowe akadali wamoyo wathanzi. Amene sangakwanitse adziwiretu chipatala cha boma cha pafupi ndi kumene akakhale.

Tikupempha akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati kuti banja likabwera kudzatsanzika, alifunse mafunso awiri: wapaulendoyu akadwala adzapita kuti, ndipo adzalipira ndani? Kuyankha mafunsowa tili pakhonde kuno ku Domasi n'kosavuta kusiyana ndi kuwayankha pa lamya, wodwala ali kale pabedi.