Bowa wa timabowo amadziwika ndi mtengo umene wamera pansi pake

Mvula ikakhazikika, kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi, m'misika ya ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa mumzinda wa Blantyre mumadzaza milu ya bowa wam'tchire, ndipo ogula amathamangira utale, manyame ndi ndelema, popeza ndiye bowa amene anakula akudya. Pali gulu lina limene ambiri amalikayikira, lomwe akatswiri a sayansi amalitcha bolete. Bowa ameneyu amadziwika akamutembenuza, pakuti kunsi kwa chipewa chake kulibe timizere topyapyala monga ta utale, koma kuli mnofu wonga siponji wokhala ndi timabowo tambirimbiri, momwe mumatuluka fumbi la njere zimene bowa amachulukana nazo.

Timabowo tokha sitipereka chilolezo chophika. Wofula bowa wosamala amazula ndi tsinde lomwe, amaona ngati timabowoto ndi toyera, tachikasu kapena tofiira, ndipo amadula mnofu kuti aone ngati ukusanduka wabuluu ukakhudzana ndi mpweya. Wa timabowo tofiira ndi woyenera kusiyidwa, chifukwa m'gulu lotere muli mitundu yosanzitsa ndi yotsegula m'mimba koopsa. Kusanduka buluu kokha sikutsimikiza poizoni, pakuti mitundu ina yodyedwa imateronso, ndipo chikhulupiriro chakuti bowa wofumbwa ndi mphutsi sangavulaze munthu n'chabodza.

Chizindikiro chimene ogula am'tauni amachisowa ndi mtengo. Mitundu yambiri ya bowa ameneyu imakhala mogwirizana ndi mizu ya mitengo, kuipatsa madzi ndi mchere wam'nthaka n'kulandirako shuga, motero siilimidwa m'matumba monga bowa wa oyisitala. Wina amamera pansi pa msuku ndi mombo, pamene wa mtundu wa Suillus, wachipewa choterera, amatsata mitengo ya paini yochokera kunja. Brian Morris, amene buku lake lotchedwa Common Mushrooms of Malawi linatuluka mu 1987, anapeza kuti amayi akumudzi ndiwo akatswiri a nkhaniyi, ndipo amasiyanitsa bowa, kutanthauza wodyedwa, ndi chirombo, dzina la mitundu yonse yosadyedwa. Nzeru imeneyi imaphunziridwa m'nkhalango, mwana akutsatira amayi ake.

Apa ndi pamene pagona vuto la Blantyre. Phiri la Ndirande linatha mitengo m'zaka za m'ma 1990, la Soche lalowereredwa ndi nyumba, ndipo nkhalango ya Michiru, kumtunda kwa Chilomoni, ikudyedwa ndi owotcha makala. Mwana wokulira ku Machinjiri lero amakumana ndi bowa atathyoledwa kale tsinde, atasakanizidwa pamulu, popanda womuuza kumene anamera, ndipo zithunzi za pa intaneti, zomwe zambiri ndi za mitundu ya ku Ulaya, sizingalowe m'malo mwa diso la agogo. Wogula ali ndi ufulu wofunsa wogulitsa dzina la bowayo ndi nkhalango imene wachokera, ndipo aliyense woyamba kusanza atadya ayenera kuthamangitsidwa kuchipatala, monga cha Queen Elizabeth, limodzi ndi bowa wotsala wosaphika kuti achipatala amuone.