Madzi Pansi pa Mulu wa Malasha

Tsiku lina mvula itagumula mulu wa dothi kuseri kwa nyumba yathu yogonamo, aphunzitsi anatisimbira za mudzi wa Aberfan ku Wales. Kumeneko a mgodi wa malasha ankaunjika dothi ndi miyala paphiri, pamwamba pa akasupe. Madziwo pamodzi ndi mvula anafewetsa muluwo ngati phala. Pa 21 October 1966 unatsetsereka nukwirira sukulu, ndipo anafa anthu 144, mwa iwo ana 116. Chifukwa cha ichi, mu 1969 boma la Britain linaika lamulo lakuti milu yotere iziyang'aniridwa kuti isagumuke. Anzanga, ine ndinatolapo ichi: asanalole munthu kuunjika dothi potsetsereka, ayambe aona kumene madzi adzera, nakumba ngalande zowapatutsa.