Ndani alipirire wowerenga zidindo za zala kwa Zulu?

Akuba akathyola golosale usiku m'dera la Mfumu Yaikulu Zulu ku Mchinji, mlandu wake nthawi zambiri umafa dzuwa lisanakwere. Mwini wake amafika mbandakucha, mtima uli m'mwamba, n'kugwira loko wothyoledwa uja, n'kukoka dirowa ya ndalama kuti aone ngati mwatsala kanthu. Anansi amabwera kudzapepesa, a nyakwawa amabwera kudzaona, anyamata achitetezo cha m'mudzi amatola chitsulo chimene akuba anakanulira chitseko n'kumalandizana m'manja. Onsewa amachita zimenezi ndi mtima wabwino. Koma pamene wapolisi akufika, kaya masana kaya mawa lake chifukwa galimoto inalibe mafuta, manja a mudzi wonse amakhala atadutsa kale pamene panadutsa dzanja la mbava, ndipo madzi akatayika saoleka. Ine ntchito yanga ndi yotola ndi kufananitsa zidindo za zala, ndipo mfundo yanga ndi yakuti luso limeneli limadalira munthu wophunzitsidwa amene angafike msanga pamalo ndi mnzake amene angakhale pansi n'kuwerenga mosapupuluma. Ndalama zimene boma ndi khonsolo zimaika pa chitetezo ziyenera kutsata anthu awiri amenewa.

Tayang'anani kunsonga kwa chala chanu chachikulu pamalo owala. Muona timizere totukuka tosanjana, pakati pake pali tingalande. Timizereti timapangika mwana ali m'mimba, cha m'mwezi wachitatu ndi wachinayi, ndipo kaikidwe kake sikasintha mpaka imfa, pokhapokha bala litalowa kwambiri n'kusiya chipsera. Ngakhale amapasa ofanana nkhope amasiyana zala. Pa zala 100 zilizonse, pafupifupi 60 mpaka 65 zimakhala ndi mizere yolowa n'kukhota n'kubwerera mbali imene yachokera, pafupifupi 30 mpaka 35 zimakhala ndi mizere yozungulira, ndipo pafupifupi 5 zokha zimakhala ndi mizere yongokwera pang'ono n'kutsikira mbali ina. Kugawa kumeneku kumangothandiza posunga makadi. Chimene chimasiyanitsa munthu ndi mnzake ndi tinthu tating'ono kwambiri: pamene mzere wathera mwadzidzidzi, pamene wagawanika pawiri, pamene pali kadontho kokhala pakokha, ndi kuchuluka kwa mizere pakati pa timalo timeneti. Munthu akagwira botolo, thukuta ndi mafuta a pakhungu zimasiya chithunzi cha mizereyi, chosaoneka ndi maso. Timachidzutsa ndi ufa wosalala kwambiri, wakuda kapena wotuwa, pozunguza burashi yofewa mopepuka, chifukwa dzanja likalemera pang'ono mizere imafafanizika. Chikaoneka timachijambula kaye, kenaka n'kuchimata selotepi yapadera, kuchinyamula n'kuchiika pa khadi, n'kulemba tsiku, malo ndi chinthu chimene chachokerapo. Papepala timagwiritsa ntchito mankhwala a ninhydrin amene amasandutsa chidindo kukhala chapepo, ndipo pa pulasitiki timafukiza nthunzi ya guluu uja womata msanga.

Anthu ambiri amaganiza kuti zikafika apa kompyuta imamaliza zonse, chifukwa ndi mmene mafilimu amaonetsera. Chidindo cha pamalo a mlandu sichikhala chokongola ngati cha pa fomu. Chimakhala chachidule, chopaka, china chitasanjikana ndi chinzake, china chitapindika chifukwa chala chinaterereka. Makina otchedwa AFIS amangofufuza m'nkhokwe n'kutulutsa mndandanda wa zala zimene zikufananako. Wogamula amakhala munthu. Amayamba wachiphunzira chidindocho pachokha, asanaone chala cha woganiziridwa, kuti adziwe ngati chili ndi zokwanira. Kenaka amaika ziwirizo pambali, galasi lokulitsa lili m'diso, n'kumalondola mzere ndi mzere. Akafika pa chigamulo amapereka kwa katswiri wina kuti aone payekha. Diso lotere limatenga zaka kuti likhwime, ndipo ngakhale akadaulo amaphonya. Mu 2004, mabomba ataphulika m'sitima za pamtunda ku Madrid, akatswiri a FBI ku America ananena kuti chidindo chimene chinapezeka pa jumbo ya zophulitsira chinali cha loya wina wa ku Oregon, Brandon Mayfield. Kompyuta inamuika pa mndandanda, akatswiri atatu anavomerezana, munthuyo anatsekeredwa milungu iwiri, mpaka apolisi a ku Spain atapeza kuti chala chinali cha munthu wa ku Algeria. Mu 2006 boma la America linapepesa n'kumulipira madola 2 miliyoni. Ku Scotland, kafukufuku wa nkhani ya wapolisi Shirley McKie anatsindika mu 2011 kuti zimene katswiri wa zidindo amanena m'khoti ndi maganizo a katswiri, ndipo ziyenera kuyesedwa monga umboni wina uliwonse. Ngati zimenezi zimachitika kumene ndalama zili mbwee, dziko losauka lilibe danga losiyira ntchitoyi munthu mmodzi wotopa, wosaphunzitsidwa mokwanira, amene mawa asamutsidwa kukaima pa rodibuloko.

Tsono ndalama zimachokera kuti? Kuno kwathu polisi ndi imodzi dziko lonse. Malipiro a wapolisi wa ku Mchinji amachokera ku boma lalikulu, m'ndondomeko ya zachuma imene aphungu amavomereza ku Nyumba ya Malamulo, ndipo nthambi yosunga ndi kufananitsa zidindo ili ku likulu la apolisi ku Area 30 mu Lilongwe, ulendo wa makilomita opitirira 100 pa msewu wa M12. Pamene dziko linayamba kutsitsa mphamvu ku makhonsolo mu 1998, zaumoyo, zamaphunziro ndi zaulimi zinatsika, koma polisi inatsala m'manja mwa boma lalikulu. Ambiri amathera pomwepa n'kunena kuti khonsolo ya Mchinji ilibe gawo. Komatu lamulo la maboma aang'ono la 1998 lomwelo, m'gawo 6, limatchula pakati pa ntchito za khonsolo kusungitsa bata ndi chitetezo m'dera lake mogwirizana ndi apolisi. Ndipo m'madera ambiri m'dziko muno thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, limene linayamba mu 2006 n'kufika pa K100 miliyoni mu 2022, lamangapo timaofesi ta polisi ndi nyumba za apolisi. Khomo ndi lotsegula kale. Vuto ndi lakuti ndalama zimathamangira njerwa ndi malata, chifukwa nyumba imaoneka ndipo imatsegulidwa ndi mwambo, pamene botolo la ufa, mpukutu wa selotepi ndi malita a petulo palibe amene amawaombera m'manja.

Chimene ndikupempha ndi kugawana katundu momveka. Boma lalikulu likhazikitse pa polisi ya Mchinji maudindo a anthu otola umboni pamalo a mlandu, osachepera awiri, owaphunzitsa bwino, owalipira lokha, ndi owasiya pa ntchitoyo zaka zokwanira. Liwonjezerenso owerenga ku likulu, chifukwa makadi akachuluka owerenga ali ochepa, yankho limabwera woganiziridwa atakhalitsa kale pa rimandi. Khonsolo nayo iike m'bajeti yake mzere woonekera wa njinga yamoto, mafuta, kamera, magolovesi, ufa, ndi chipinda chouma chokhoma bwino chosungira umboni. Malipiro a katswiri asachoke ku khonsolo, ndipo apa ndikulimbikira. Munthu amene adzaime m'khoti kunena kuti chala ichi ndi cha uje sayenera kudya m'dzanja la khansala, phungu kapena wamalonda wa paboma, pakuti tsiku lina chala chidzakhala cha m'bale wa mmodzi wa iwo.

Wina anena kuti khonsolo ikulephera kale kukonza zimbudzi za pamsika ndi milatho ya kumidzi, nanga ikasenzenso katundu wa apolisi? Ndi funso loyenera, pakuti ndalama zimene khonsolo imatolera yokha ndi zochepa: ziphaso za malonda ndi msonkho wa pamsika. Koma taonani amene amapereka ndalamazo. Ndi mwini golosale yemwe uja, wogula mtedza ndi soya, wakabaza, amene ndi omwe mbava zimawalonda. Komanso mtengo wa kafukufuku ukulipidwa kale, kungoti ukulipidwa mobisika. Si chinsinsi m'dziko muno kuti wodandaula amapemphedwa kuthandiza mafuta kuti apolisi afike. Zikatero wolemera amaona apolisi tsiku lomwelo, mayi wamasiye amene amuthyolera nyumba n'kumubera matumba a chimanga amangouzidwa kuti adikire. Mzere wa m'bajeti umasandutsa mtengo umenewu kukhala wa onse, wolembedwa, woti makhansala angathe kufunsa kuti mwezi uno njinga inapita kangati ndipo inapita kwa yani.

Winanso anena kuti luso limeneli ndi la m'tauni, kuti kumudzi makoma ndi a dothi, zitseko ndi za matabwa osapala, ndipo zobedwa ndi mbuzi ndi ng'ombe. Theka la mawu amenewa ndi loona ndipo sindilibisa. Pa njerwa yosapaka, pa thumba la saka, pa chingwe cha khonje, pa ubweya wa ng'ombe, chidindo sichigwira. Dzuwa la mu Okutobala limaumitsa thukuta msanga, fumbi ndi mvula zimafafaniza. Koma mudzi wa lero uli ndi foni, mabatire ndi magalasi a sola, njinga zamoto, ndowa za pulasitiki, zitseko zachitsulo za magolosale, mabotolo amene akuba amamwa n'kusiya, mapepala a kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba. Njinga yamoto yobedwa ikapezeka itatayidwa kutchire, thanki yake ndi galasi loonera kumbuyo ndi malo abwino kwambiri. Katswiri weniweni amadziwanso pamene palibe chotola, ndipo amakhala atajambula mapazi a nsapato ndi zipsera za chitsulo pa mphuthu, zimene nazo ndi umboni.

Palinso amene amati popeza mu 2017 bungwe la NRB linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni n'kuwatenga zala pa chiphaso cha unzika, nkhani inatha, apolisi angofufuza mmenemo. Anthu anapereka zala zawo kuti adziwike ngati nzika, ndipo kutsegula nkhokwe imeneyo pa milandu ndi nkhani yofuna malamulo omveka ndi chilolezo cha khoti, makamaka tsopano pamene dziko lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024. Kuonjezera apo, nkhokwe ikakula, mwayi wopeza chala cha munthu wosalakwa chofananako ndi chidindo chachidule umakulanso. Ndi zomwe zinamuchitikira Mayfield. Nkhokwe yaikulu imafuna owerenga ambiri ndi osamala kuposa kale. Ndipo Mchinji ili pa malire: tauni ya Chipata ku Zambia ili pafupi, Mozambique ali kumwera, achibale ali mbali zonse, ndipo njira zachidule zodutsa m'minda n'zambiri kupatula chipata chachikulu cha Mwami chimene atsogoleri Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema anatsegula mu Disembala 2022. Munthu angathe kukhala ndi dzina lina uku, lina uko. Chala cha munthu wa ku Zambia mulibe mu NRB, koma khadi lotoledwa bwino lingathe kutumizidwa kwa apolisi a kumeneko kudzera mu Interpol kapena mgwirizano wa apolisi a kumwera kwa Africa wa SARPCCO. Khadi lopaka, lopanda tsiku, palibe dziko limene lingalilandire.

Chifukwa chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi: pamene palibe umboni wa zinthu, kafukufuku amatsamira pa kuvomera kwa woganiziridwa, ndipo kuvomera kofunidwa mwachangu kumabwera ndi ndodo. Amalawi sanaiwale Buleya Lule, amene anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu Febuluwale 2019 akumuganizira pa nkhani yosowetsa mnyamata wachialubino wa ku Dedza, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission linapeza kuti anazunzidwa. Iye atafa, zimene akanatha kunena m'khoti zinapita naye. Mbiri ya luso lathu pa milandu inayambira pa nkhani yotere. Mu 1892 ku Necochea m'dziko la Argentina, mayi wina, Francisca Rojas, ananamizira mnansi wake kuti wamuphera ana ake awiri. Apolisi anamupanikiza bamboyo koma sanavomere. Wofufuza wina anaona chidindo cha magazi pa chitseko, anadula thabwalo, ndipo pogwiritsa ntchito njira imene katswiri wa zidindo Juan Vucetich ankaphunzitsa, chinapezeka kuti ndi cha mayiyo. Mlandu woyamba wakupha umene unagamulidwa ndi chidindo cha chala unamasula munthu wosalakwa. M'boma la anthu 602,305 monga mmene kalembera wa 2018 anapezera ku Mchinji, kumene mbava ikagwidwa anthu ena amathamangira kuilanga okha chifukwa anataya chikhulupiriro choti khoti lidzaipeza wolakwa, umboni wosadalira mphekesera umateteza woberedwa ndi wonamiziridwa yemwe.

Pali gawo lina losafuna ndalama zambiri. Makomiti achitetezo cha m'midzi, amene lamulo la apolisi la 2010 limawazindikira, angathe kuphunzitsidwa tsiku limodzi kuti akafika pamalo amange chingwe, aletse anthu kulowa, asatole chitsulo kapena botolo, ndipo alembe mayina a amene agwira kale zinthu kuti zala zawo zidzachotsedwe pa kafukufuku. Komiti ya chitukuko ya dera la Zulu ndi imene imatumiza zofuna za anthu ku khonsolo pokonza dongosolo la chitukuko cha boma. Maphunziro amenewa, njinga yamoto ndi mafuta ake zingathe kulembedwa pa mndandanda womwewo pamene pamalembedwa mijigo ndi midadada ya sukulu, ndipo phungu wa deralo akakhala ku Nyumba ya Malamulo pokambirana bajeti ya apolisi afunse nduna ya zachitetezo cha m'dziko kuti ndi maudindo angati a otola ndi owerenga zidindo amene alipiridwa chaka chimenecho, ndipo angati mwa iwo ali ku Mchinji.