CISANU PA NYANJA YA KARIBA: KAPENTA ACURUKA, NSOMBA ZAZIKURU ZIBISALA

Munthu wa pa nchito ku Lusaka, ku Kitwe, ku Harare kapena ku Bulawayo akalandira malipiro ace pa kutha kwa mwezi, kawirikawiri ndiwo yoyamba kugulidwa m'nyumba mwace ndi kapenta wouma. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti mtengo wa kambale ka kapentayo uyendera pamodzi ndi mphepo ndi kuzizira kwa madzi a ku Kariba. Lero tifuna kufotokozera owerenga athu zimene zicitika pa nyanjayo m'miyezi ya June, July ndi August, pakuti zikhudza mphika wa yense wa ife.

NYANJA YOPANGIDWA NDI ANTHU

Nyanja ya Kariba siinalipo m'masiku a makolo athu. Nchito yotseka mtsinje wa Zambezi inayamba m'caka ca 1955, pa nthawi ya Boma la Federation, ndipo khoma lace, la msinkhu wa mamita 128, linatsekedwa mu December 1958. Madzi anadzaza pang'onopang'ono kufikira 1963. Atonga okwanira 57,000 anasamutsidwa m'midzi mwao m'cigwa ca Gwembe ndi tsidya lina la mtsinje, nasiya minda ndi manda a makolo ao pansi pa madzi. Nyanjayo ndi yaitari makilomita oposa 220, ndipo pa malo ozama koposa ifika pafupi mamita 100.

Madzi asanafike, Boma linagwetsa nkhalango pa malo ena ndi mathirakitala okoka maunyolo, kuti asodzi adzapeze poponya maukonde. Pa malo otsala mitengo ya tsanya inamira ciimirire, ndipo yambiri ikali cikhalire kufikira lero. Nsomba zikonda kubisala m'mitengo imeneyi, koma ndiyonso ing'amba maukonde ndi kuboola mabwato.

MADZI ATEMBENUKA

Kuti timvetse za usodzi wa m'cisanu, tiyenera kuyamba tadziwa khalidwe la madzi. Madzi ofunda ndi opepuka koposa madzi ozizira. Cifukwa ca ici, kuyambira September kufikira m'miyezi ya mvula, madzi a pamwamba, amene atenthedwa ndi dzuwa kufikira madigiri 28 kapena 30, ayandama pamwamba pa madzi ozizira a pansi, ndipo awiriwa sasanganizika. Masamba, ndowe za nyama ndi tizirombo takufa zimira ndi kuolera pansi. Kuolako kudya mpweya wa m'madzi, kotero kuti pofika kumapeto kwa dzinja nsomba sizingathe kukhalitsa kozama. Koma komwekonso ndi kumene kuunjikana conde, monga manyowa m'khola.

Cisanu cikafika, usiku utalika, ndipo madzi a pamwamba azizira kufikira alingana ndi a pansi, pafupi madigiri 22. Pamenepo mphepo ya kum'mwera cakum'mawa, imene anthu a ku Nyanja ya Malawi aidziwa ndi dzina lakuti mwera, ibvundula nyanja yonse monga mai abvundula phala. Izi zicitika kawirikawiri m'mwezi wa July. Mpweya utsikira pansi, ndipo conde cija cikwera pamwamba pamene pali kuwala kwa dzuwa. Tizomera tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso tiswana, tizirombo ta m'madzi todya tizomerato ticuruka, ndipo kapenta, amene adya tizirombo timeneti, apeza cakudya cocuruka.

PHINDU LA ASODZI A KAPENTA

Kapenta si nsomba ya mu Zambezi ai. Kwao ndi ku Nyanja ya Tanganyika, ndipo anatengedwa kumeneko m'zaka za 1967 ndi 1968 natsanulidwa m'madzi a Kariba pafupi ndi Sinazongwe, cifukwa nsomba za mumtsinje zinakana kukhala pakati pa nyanja, ndipo madzi onse aja anali cabe. M'zaka zowerengeka kapenta anafalikira ponseponse, ndipo malonda ace anayamba m'zaka za m'ma 1970.

Kapenta agwidwa usiku. Bwato lace ndi thandala la citsulo loyandama pa migolo iwiri yaitari, ndipo lisenza ukonde wozungulira womangidwa ku mkombero wa citsulo. Asodzi atsitsa ukondewo m'madzi ndi kuyatsa nyali zamagetsi, zina pamwamba, ina pansi pa madzi. Nsomba zikasonkhana pa kuwalako, azima nyali za pamwamba, nakweza ukonde ndi cipukusiro. Acita motere kangapo kufikira mbandakuca.

Asodzi agwira kapenta wambiri kuzungulira mwezi wa August, madzi atatha kutembenuka. Cisanu cithandizanso pa kuyanika, popeza kulibe mvula ndipo mpweya uli wouma: kapenta wothiridwa mcere pa bwato pomwepo auma bwino pa thandala, ndipo makilogalamu 3 a kapenta wamuwisi apereka pafupi kilogalamu imodzi ya wouma. Koma mwezi ukawala kwathunthu nyali zicepa mphamvu, nsomba zimwazika, ndipo pa masiku angapo amenewo lamulo liletsa mabwato kuturuka.

MBEDZA NDI MACHERA ZIBWERA ZOPEPUKA

Kwa asodzi a m'mphepete, a mabwato ang'onoang'ono ndi maukonde ochera, nkhani ndi ina. Thupi la nsomba litentha kapena kuzizira pamodzi ndi madzi amene ikhalamo. Madzi akazizira nsomba icita ulesi, idya pang'ono, ndipo siyendayenda; tsono nsomba yosayenda siikodwa mu ukonde.

Nsomba za mtundu wa cambo, zimene m'matauni azicha bream, zileka kuswana m'cisanu, ndipo ziyambanso kukumba zisa zao pamene madzi afunda mu September ndi October. Wofuna kuziwedza asabvutike kulawirira m'mamawa. Adikire dzuwa likwere, napite ku magombe obisika ku mphepo kumene madzi osaya ayamba kufunda, ndipo nyambo yabwino ndi nyongolotsi. Pa zaka za mvula yabwino nyanja ifika podzaza peni peni cakumayambiriro kwa cisanu, cifukwa madzi a kumtunda kwa Zambezi acedwa m'madambo a ku Barotse. Madziwo amiza udzu wa m'mphepete, ndipo nsomba zimenezi zipezeka m'udzumo.

Mcheni, nsomba ya mano akuthwa imene Azungu aicha tiger fish, itsikira m'madzi akuya ndi kutsata magulu a kapenta. Iluma mbedza mozengereza, kotero owedza atsitsa nyambo pansi ndi kuikoka pang'onopang'ono. N'cifukwa cace mpikisano waukuru wowedza nsombayi ku Kariba sucitika m'cisanu, koma pofika October. Milamba ndi vundu, nsomba yopanda mamba imene ikula kuposa zonse za m'nyanjayi, nazonso zidya mocepa kufikira madzi atafunda.

ZOOPSYA ZA NYENGOYI

Mphepo yomweyo imene idyetsa kapenta ndiyo iopsya asodzi. Pa nyanja yotambalala cotere mafunde akula msanga, makamaka mu July ndi August, ndipo bwato la kapenta ndi lolemera ndi losathamanga. Anyamata a pa mabwatowa acezera usiku wonse ali onyowa, mphepo ikuomba. Ng'ona zicepetsa kudya m'cisanu, koma ziotha dzuwa pa magombe omwewo amene anthu awedzapo, ndipo mvuu sizisamala za nyengo. Wopita ku Siavonga kapena ku Binga pa chuti asaime m'madzi powedza, ngakhale madziwo aoneke odekha.

MAWA LA NYANJAYI

M'caka ca 1999 maboma a Zambia ndi Zimbabwe anapangana kuti mabwato a kapenta pa nyanja yonse asapitirire 500, koma pambuyo pace anacuruka kupyola ciwerengero cimeneco, ndipo bwato liri lonse linayamba kubwera ndi nsomba zocepa koposa kale. Ena awedza m'madzi osaya kumene kapenta aswanirana, napha ana asanakule. Cirala ca m'zaka za 2015, 2019 ndi 2024 cinatsitsa nyanja kwambiri. A m'matauni anaciona pa kuzima kwa magetsi, ndipo asodzi anaciona pa magombe ouma. Mitsinje ikabwera ndi madzi ocepa, ibweranso ndi conde cocepa, ndipo cisanu cipeza zocepa zoti cibvundule.

Tsono kwa amai ogula ku msika titi: miyezi ya August ndi September ndiyo yabwino kugula kapenta wosunga, asanafike masiku a mvula pamene kuyanika kubvuta. Sankhani wouma gwa, wowala ngati siliva, wopanda mcenga ndi wosacuruka mcere, pakuti mcere ulemeretsa sikelo. Musungeni m'citini cotseka bwino pa malo ouma. Ndipo kapenta wamng'ono kwambiri mumleke, pakuti ndiye mbeu ya caka ca mawa.