Jenereta yopanda komutadori ndi msampha kwa amisiri a magetsi

TETE — Magetsi akangothima ku Chimadzi, mu mzinda wa Tete, sipapita mphindi zambiri majenereta amayamba kulira kuseri kwa nyumba. Mwini baraka safuna kuti zakumwa zifunde mufiriji. Wogulitsa nsomba za pende amaopa kuti ziola, pakuti kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Wometa tsitsi, wowotcherera zitsulo ndi wotchaja mafoni nawonso safuna kuti ntchito iime.

Kugula jenereta si kulakwa. Nkhani yagona pa kalumikizidwe kake. Ena, pofuna kupulumutsa ndalama, amatenga chingwe cha mapulagi awiri, mutu wina n'kubaya ku jenereta, wina n'kubaya m'soketi ya pakhoma. Nyumba yonse imawala, mwini wake n'kumadziyesa mmisiri. Koma chingwe chimenechi chikhoza kupha munthu amene ali pamtengo wa magetsi kutali ndi nyumbayo, munthu amene mwini jenereta sanamuonepo n'kale lonse.

Choletsa ngozi imeneyi chilipo, ndipo chinatulukiridwa kalekale. Ndi swichi yosankha pakati pa magetsi a EDM ndi a jenereta. Amisiri a kuno amaitcha komutadori, pamene anzawo a kutsidya ku Malawi ndi ku Zambia amati changeover.

Magetsi amabwerera kumene anachokera

Magetsi amayenda m'mawaya a m'mwamba ali ndi mphamvu yaikulu, monga mavoliti 11,000 kapena 33,000. Akafika pa tharansifoma, imene amisiri amangoti PT, amatsitsidwa kufika pa mavoliti 220 oyenera babu, wailesi ndi firiji. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti tharansifoma ilibe kutsogolo kapena kumbuyo. Imatsitsa magetsi ochokera kumwamba, imakwezanso ochokera kumunsi.

Tsono jenereta ikabayidwa m'soketi pamene swichi yaikulu ya m'nyumba ili yoyatsa, magetsi ake sathera m'nyumbamo. Amatuluka kudzera pa mita, amalowa m'mawaya a mumsewu, amafika pa PT, ndipo kumeneko mavoliti 220 aja amasanduka zikwizikwi. Mmisiri amene wathimitsa mzere kuti alumikize waya woduka amakwera mtengo mtima uli m'malo. Mwana amene wapeza waya wogwa ndi mphepo amauyesa wakufa. Onsewa sadziwa kuti kwinakwake injini ikulira.

Zilengezo za EDM zodziwitsa anthu za kuthima kwa magetsi zimakumbutsa kuti mawaya onse aziyesedwa amoyo nthawi zonse. Chenjezo limeneli limateteza anthu ku magetsi obwera nthawi isanakwane, komanso limateteza ku jenereta ya mnansi.

Ngozi yachiwiri imagwera mwini jenereta. Magetsi a m'nyumba amapita uku ndi uku maulendo 50 pa sekondi imodzi. A EDM ali ndi kayendedwe kawo, a jenereta alinso ndi kawo. Zili ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: akapanda kugwirizana kaponyedwe, misi imawombana. Magetsi a EDM akabwera mwadzidzidzi n'kupeza jenereta ili pamzere, wamphamvu ndiye amapambana. Jenereta imapsa, mawaya amasungunuka, nthawi zina moto umagwira denga. Ngozi yachitatu ndi pulagi yachiwiri ija. Ikazuka pakhoma injini ikulira, mano ake amakhala ndi moto, ndipo ali pamtetete.

Atambala awiri salira m'khola limodzi

Ntchito ya komutadori ndi imodzi: kuonetsetsa kuti nyumba ikudya kumodzi basi. Yosintha ndi dzanja imakhala ndi chogwirira cha malo atatu. Kumodzi kumalembedwa 1 kapena REDE, pakati 0, kwinako 2 kapena GERADOR. Chogwiriracho sichingafike pa 2 chisanadutse pa 0. Ndiye kuti mawaya a EDM amayamba alekanitsidwa, kenaka a jenereta n'kulumikizidwa. M'kati mwake zitsulo zinapangidwa mwakuti mbali ziwirizi sizingatsekeke nthawi imodzi, ngakhale wosinthayo akhale woledzera kapena watulo.

Ena amati amakumbukira kuthimitsa swichi yaikulu asanalize jenereta. N'zoona, angakumbukire lero ndi mawa. Koma tsiku lina mwini nyumba adzakhala ali kumaliro, injini n'kulizidwa ndi mwana kapena wantchito. Komutadori sidalira chikumbumtima cha munthu.

Palinso yodzisinthira yokha, imene imapezeka m'zipatala, m'mabanki ndi pa nsanja za mafoni. Imeneyi imakhala ikumvetsera magetsi a pamzere. Akathima imadikira masekondi ochepa, kuopa kuti mwina angophethira chabe. Kenaka imaliza jenereta, imadikira kuti injini ikhazikike, n'kusamutsa nyumbayo. Magetsi akabwera imadikiranso mphindi zingapo kuti itsimikize, imabweza nyumba ku mzere, ndipo imasiya injini ilire pang'ono popanda katundu kuti izizire. Ku America malamulo amafuna kuti m'zipatala magetsi opulumutsa moyo abwerere pasanathe masekondi 10. Kwa mayi amene ali pa opaleshoni, kapena mwana wobadwa masiku asanakwane, masekondi amenewa ndi ambiri kale.

Nzeru za eni, koma nthawi yake inatha

Zida zimenezi zili ndi eni ake amene anazitulukira. Munthu akatulukira chida chatsopano amakalembetsa ku boma, ndipo amalandira chikalata chotchedwa patenti. Chikalatachi chimaletsa ena kupanga kapena kugulitsa chidacho popanda chilolezo chake. Koma boma silipereka ulere. Mwini nzeruyo amayenera kulemba poyera m'mene chidacho chimagwirira ntchito, ndi zojambula zake zomwe. Pakatha zaka 20 chitetezo chimatha, nzeruyo imakhala ya aliyense.

Kampani ya Automatic Switch Company, imene ambiri amaidziwa kuti ASCO, inayamba mu 1888 mu mzinda wa Baltimore ku America. Kampaniyi imanena kuti ndiyo inapanga komutadori yoyamba yodzisinthira yokha mu 1920. Mu 2017 mbali yake yopanga zida zimenezi inagulidwa ndi Schneider Electric ya ku France.

Mu bokosi la magetsi la pakhoma, limene kuno amati kwadru, muli chida chinanso cha mbiri yotere. Kale nyumba zinkatetezedwa ndi fyuzi, kawaya kakang'ono kamene kamapsa magetsi akachuluka. Kakapsa, ena ankaikapo waya wonenepa kapena msomali, chitetezo n'kutheratu. Mu 1924 Hugo Stotz wa ku Mannheim, ku Germany, analandira patenti ya kaswichi kodzigwetsa kokha, kamene munthu amangokakweza vuto likatha. Ndiko kaja amisiri amati disijuntori.

Chida chachitatu chinabadwira kufupi ndi kuno, ku migodi ya golide ya ku Joni kumene azigogo ambiri a m'madera ano anakagwira ntchito. M'migodimo muli chinyezi, ndipo magetsi ankavulaza anthu. Mu 1955 ndi 1956 katswiri wina dzina lake Henri Rubin, wa pa kampani ya C.J. Fuchs ku Alberton, anapanga chida chozindikira magetsi othawira pansi kudzera m'thupi la munthu, n'kuthimitsa msanga mtima usanaime. Chinalembetsedwa patenti ku South Africa. Mayi wina atafa ndi magetsi m'nyumba ku mudzi wa mgodi wa Stilfontein, zida mazana angapo zinaikidwa m'nyumba za kumeneko mu 1957 ndi 1958. Zidzukulu za chida chimenechi ndi madisijuntori aja okhala ndi kabatani koyesera kolembedwa T, amene kuno amati diferensiyali.

Mapatenti oyamba a zida zonsezi anatha kalekale. Makampani akulembetsabe atsopano, koma ndi a zinthu zowonjezera, monga kusintha mofulumira kapena kuzimitsa lawi limene limatuluka zitsulo zikamalekana. Maziko ake ndi a aliyense. N'chifukwa chake lero komutadori imapangidwa ndi mafakitale ambiri, ku Ulaya, ku China, ku India ndi ku South Africa, ndipo ya dzanja mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi jenereta imene ikuitchinjiriza.

Khomo limeneli ndi lotsegukiranso amisiri a kuno. Wa ku Tete kapena ku Angónia amene watulukira chida chatsopanodi akhoza kulembetsa ku Instituto da Propriedade Industrial ku Maputo. Palinso bungwe la ARIPO ku Harare, limene Mozambique, Malawi ndi Zambia ndi mamembala ake, ndipo pempho limodzi likhoza kufikira maiko angapo. Lamulo lake ndi lakuti alembetse asanaonetse chidacho kwa anthu, chifukwa nzeru yofala kale salembetsa.

Maswichi aakulu a ku Songo ndi Matambo

Magetsi amene amafika ku Chimadzi amachokera ku damu la Cahora Bassa, limene linayamba kumangidwa mu 1969 ndipo linatsekedwa madzi mu 1974. Kumeneko kuli makina asanu, alionse a mamegawati 415, onse pamodzi 2,075. Kuchokera mu Novembala 2007 gawo lalikulu la kampani ya HCB lili m'manja mwa Mozambique.

Pa Songo pali maswichi a mtundu wina, opanda chogwirira ndiponso opanda chitsulo choyenda. Dzina lake ndi thyristor, ndipo kampani ya General Electric ya ku America inayamba kuwagulitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Alipo zikwizikwi, ndipo amatseka ndi kutsegula maulendo 50 pa sekondi. Ntchito yawo ndi kuwongola magetsi opita uku ndi uku kuti aziyenda njira imodzi, pa mavoliti 533,000, mtunda wa makilomita oposa 1,400 mpaka pa siteshoni ya Apollo ku South Africa. Mzere umenewu unagona kuyambira mu 1985 mpaka 1997 chifukwa cha nkhondo imene inagwetsa nsanja zake.

Magetsi a mzinda wa Tete amadzera pa siteshoni ya Matambo. Pomwepo, mu 2022, atsogoleri a nthawi imeneyo, Filipe Nyusi ndi Lazarus Chakwera, anaika mwala wa maziko wa mzere wa makilomita 218 wopita ku Phombeya m'boma la Balaka ku Malawi. Polumikiza magetsi a maiko awiri, akatswiri satseka swichi mwachisawawa. Pali makina oyeza kuti mbali ziwirizo zikuponya misi mogwirizana. Jenereta ya pa baraka ilibe makina otere. Chimene ingathe ndi kupatukana ndi mzere basi.

Nkhaniyi yafika kumudzi

Anthu a m'malire anayamba kale kudziwa magetsi a mbali ziwiri. Kwa zaka zambiri Zóbuè ndi Ulónguè ankalandira magetsi kuchokera ku ESCOM ya ku Malawi. Mu 2018 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Energia para Todos, yofuna kuti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi. Kotero mitengo ikulowa m'midzi imene eni zigayo, eni magolosale ndi matchalitchi anali kale ndi majenereta kapena sola. Nyumba imene inali ndi gwero limodzi tsopano ili ndi awiri, ndipo apa ndi pamene ngozi imayambira.

Kuthima kwa magetsi nakonso sikudzatheratu. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anagwetsa nsanja ku Mocuba, ndipo zigawo za Nampula, Niassa ndi Cabo Delgado zinakhala mumdima pafupifupi mwezi wathunthu. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pa Revúbuè kuno ku Tete, naononganso damu la Kapichira ku Malawi, kumene kunatayika mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Pa nthawi ngati zimenezi majenereta amagulidwa mothamanga, amalumikizidwa mothamanga, ndipo ndi nthawi yomweyo imene amisiri amakhala pamitengo usana ndi usiku.

Zoyenera kuyang'ana

Wogula komutadori ayang'ane nambala ya maampeya, monga 32, 40 kapena 63. Isachepere disijuntori yaikulu ya nyumbayo. Ya m'nyumba wamba idule mawaya onse awiri, wamoto ndi mnzake wobwerera. Ya pachigayo cha magetsi a mawaya atatu amoto idule anayi. Yopepuka ngati chikho, yogwedera chogwirira, kapena yolembedwa dzina la kampani yotchuka molakwika zilembo, aisiye. Patenti imatha, koma dzina la kampani limakhalabe la eni ake, ndipo wonama dzina amanamanso pa mkuwa wa m'kati.

Malo ake ndi pakati pa mita ndi kwadru. Mita ya Credelec ndi mawaya ofika pa iyo ndi za EDM, sizikhudzidwa. Woika akhale mmisiri wophunzira ntchitoyi, ndipo akamaliza ayese pamaso pa mwini nyumba. Pajatu safunsa anadya phula. Wa sola yokhala ndi inivetala afunsenso ngati makina ake amadzipatula okha mzere ukathima.

Jenereta ikhale panja, kutali ndi zenera, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wosanunkha umene umapha anthu ali mtulo. Magetsi akathima, chogwirira chipite pa 0, injini ilizidwe, ikakhazikika chipite pa 2. Akabwera, chibwerere pa 0, kenaka pa 1, ndipo injini ithimitsidwe. Wopanda ndalama ya komutadori alumikize firiji kapena makina ometera molunjika ku jenereta ndi chingwe chakechake, mawaya a pakhoma awasiye. Chingwe cha mapulagi awiri chija adule mutu umodzi lero lomwe, mvula isanayambe kugwetsa mitengo.