Banja Limene Nyumba Yake Idali Ngalaŵa

Kuno kwathu mnyamata akafuna kukwatira, akulu amayamba amfunsa ngati wamanga nyumba. Ku California, m'dziko la America, kudali mnyamata wina amene akadayankha kuti nyumba wamanga ndithu, koma yoyandama pa madzi. Dzina lake lidali Larry Pardey, mbadwa ya ku Canada, mmisiri wa matabwa amenenso ankadziŵa kuyendetsa ngalaŵa. M'chaka cha 1965 adakomana ndi mtsikana wotchedwa Lin, ndipo aŵiriwo adathandizana kutsiriza ngalaŵa ya matabwa imene mnyamatayo adali atayamba kale kuikhoma. Adakwatirana pa 31 Okutobala 1968, ndipo patangopita masiku oŵerengeka adaitsitsira m'madzi ngalaŵa yawo, dzina lake Seraffyn.

Kuyambira m'chaka cha 1969 Bambo ndi Mayi Pardey adayenda pa nyanja zikuluzikulu za mchere kwa zaka zoposa 40. Mtunda wonse umene adayenda udaposa mamailosi 200,000, ndiko kunena ngati kuzungulira dziko lapansi kasanu ndi katatu. Chozizwitsa n'chakuti ngalaŵa zawo zidalibe injini, koma zinkayenda ndi mphepo yokha yowomba pa matanga. Ambiri amene amamva mbiri yawo amachita chidwi ndi maiko akutali amene adaona. Koma ife, aŵerengi okondedwa, tiyeni tione ntchito zazing'ono za tsiku ndi tsiku, popeza ndizo zidasunga moyo wawo.

Nyumba ya mamita 7 ndi theka

Utali wa Seraffyn udali pafupifupi mamita 7 ndi theka, wosafika ngakhale utali wa chipinda chophunziriramo ana. M'kati mwake mudali pogona, pophikira, posungira madzi, zakudya, zida za umisiri, matanga apadera ndi mabuku. Munthu wamtali sakadatha kuimirira chilili paliponse m'menemo. Ndi ngalaŵa imeneyi adayenda zaka 11. Adadzera ku Mexico ndi ngalande ya Panama, nawoloka nyanja ya Atlantic kufika ku England. Adaloŵa m'nyanja za Baltic ndi Mediterranean, nadutsa Nyanja Yofiira, nafika ku Japan, kenaka nawoloka nyanja ya Pacific kubwerera ku Canada ndi ku California.

Atabwerako adamanga ngalaŵa yachiŵiri, Taleisin, ya mamita 9, ya matabwa olimba a mtengo wa teak. Adaimangira ku Bull Canyon, kumapiri ouma kutali ndi gombe, ndipo idaloŵa m'madzi m'chaka cha 1983. Mapulani a ngalaŵa ziŵirizi adajambula ndi katswiri wina wotchedwa Lyle Hess.

Kusakhala ndi injini sikudali kusoŵa nzeru. Iwo adaona kuti chinthu chilichonse chimene munthu aika m'ngalaŵa chidzawonongeka tsiku lina, ndipo pakati pa nyanja palibe garaja kapena sitolo. Motero adasankha zinthu zokhazo zimene akadatha kukonza ndi manja awo. Ankaunikira ndi nyali za palafini. Mphepo ikaleka, ankadikira mpaka iyambenso, ndipo poloŵa m'doko mopanda mphepo ankapalasa ndi nkhafi imodzi yaitali. Malangizo awo kwa ofuna moyo wotere adali akuti asankhe ngalaŵa yaing'ono, yopanda zambiri, ndipo asazengereze kunyamuka podikira chuma.

Madzi, chakudya ndi njira

Pa nyanja ya mchere munthu angathe kufa ndi ludzu madzi atamzinga mbali zonse. Mu lita imodzi ya madzi amenewo muli magalamu pafupifupi 35 a mchere, ndipo wowamwa ludzu lake limangokulirakulira. N'chifukwa chake banja la m'ngalaŵa limaŵerengera madzi akumwa monga momwe mayi wanzeru amaŵerengera ufa m'mwezi wa Febuluwale. Mbale amatsuka ndi madzi a m'nyanja. Mvula ikabwera amayamba aisiya itsuke mchere pa matanga, kenaka n'kutchera madzi otsika ndi nsaluyo kuti adzaze matanki.

Chakudya nachonso chimafuna luso posankha. Anyezi, mbatata, maungu ndi kabichi zimakhala masabata ambiri ngati zili pamalo opita mphepo. Mazira osatsuka amakhalitsa akamatembenuzidwa pakapita masiku angapo. Tsiku ndi tsiku wina ayenera kupenda ndiwo ndi zipatso, kuti chimodzi chowola chisawoletse zinzake. Mandimu ndi malalanje n'zofunika kwambiri, pakuti kale amalinyero ambirimbiri adafa ndi nthenda yotupitsa nkhama chifukwa chosoŵa zakudya zaziŵisi. Buledi amaphika okha, ndipo kumbuyo kwa ngalaŵa amakoka chingwe cha mbedza. Chitofu chimakhala cholenjekeka kuti chizipendama pamodzi ndi mafunde, ndipo mapoto amawapana ndi zitsulo, popeza madzi oŵira akatayikira munthu, chipatala chingakhale pa ulendo wa masabata aŵiri. Mayi Pardey adalemba buku lathunthu lofotokoza za kudyetsa ndi kusamalira anthu a m'ngalaŵa.

Nanga njira amaidziŵa bwanji kumene kulibe phiri kapena mtengo wolozera? Lero lino ngalaŵa zambiri zili ndi makina a GPS amene amaonetsa pamene munthu ali. Banja la Pardey lidadalira njira yakale. Ankayeza kukwera kwa dzuŵa ndi nyenyezi ndi chipangizo chotchedwa sextant, n'kuona nthaŵi pa wotchi yosaphonya, n'kuchita masamu mothandizidwa ndi mabuku a manambala, pambuyo pake n'kulemba kadontho pa mapu. Wotchi ikaphonya ndi mphindi imodzi yokha, kadonthoko kangasokere ndi mamailosi pafupifupi 15, ndipo mtunda wotere ndi wokwanira kugundira miyala usiku. Ana a sukulu amene amafunsa kuti masamu adzawathandiza chiyani aganizirepo pamenepa.

Ulonda wa usiku

Ngalaŵa ikakhala pakati pa nyanja siima kuti anthu agone. Malamulo a maiko onse a pa nyanja amafuna kuti nthaŵi zonse pakhale munthu wopenya, chifukwa sitima yaikulu yonyamula katundu imene yangoonekera chapatali ingathe kukufika theka la ola lisanathe. Tsono anthu akakhala aŵiri okha, usiku amaugaŵana. Bambo ndi Mayi Pardey ankasinthana pakapita maola atatu: mmodzi akugona, mnzake ali panja kuyang'ana nyali za sitima, mitambo ndi matanga. Ntchito yogwira chiwongolero idapepukako chifukwa Bambo Pardey adapanga kachipangizo koyendera mphepo, kamene kankawongola ngalaŵa pakokha.

Koma kachipangizo kotere kali ndi choopsa chake. Mlonda akaterereka n'kugwera m'madzi mnzake ali m'tulo, ngalaŵa imangopitirira ulendo wake, ndipo wogonayo podzuka amapeza ali yekha, osadziŵa n'komwe ola limene mnzake adagwa. Pa chifukwa ichi mabanja ambiri a m'ngalaŵa amapangana kuti wina asapite kutsogolo kukasintha matanga usiku asanadzutse mnzake, ndiponso kuti nyanja ikakalipa azidzimangirira ndi chingwe ku ngalaŵa. Munthu amene sakhulupirira kuti mnzake asunga pangano limeneli sangapeze tulo, ndipo wosagona ndiye amalakwitsa masamu ndi kumanga mfundo zosalimba. Choncho kukhulupirika kwa mlonda ndiko kumapatsa mnzake mphamvu ya tsiku lotsatira. N'chifukwa chakenso mkangano sungasungidwe nthaŵi yaitali m'ngalaŵa. Kulibe kwa ankhoswe kothaŵira, kulibe bwalo kopita kukapitidwa mphepo, ndipo pakangotha maola atatu moyo wako uli m'manja mwa yemwe wakangana nayeyo.

Adani a ngalaŵa

Mdani woyamba wa ngalaŵa ya matabwa ndi kachirombo ka m'madzi a mchere kotchedwa teredo. Kamaoneka ngati nyongolotsi, ngakhale kuti ndi mtundu wa nkhono. Kamaloŵa m'thabwa kadakali kakang'ono kwambiri, kabowo kake kosaoneka bwino ndi maso, ndipo kamakulira m'kati momwemo kakuboola njira zake monga achitira chiswe ndi mitengo ya denga. Apa mpamene pamakwanira mwambi wakuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Pofuna kukatchinga, kunsi kwa ngalaŵa amapakako penti wosakaniza ndi mkuwa. Penti yemweyo amaletsanso ndere ndi tinkhono tomamatira, timene tikachuluka timachedwetsa ngalaŵa kwambiri. Pentiyo amatha mphamvu, choncho amafunika kupakanso pafupifupi chaka ndi chaka, ndipo pamene pakalika ndi mwala pamafunika kuphimbidwa msanga.

Kuti afike kunsiko, ena amalipira kuti makina atulutse ngalaŵa m'madzi. Osafuna kutaya ndalama amagwiritsa ntchito khalidwe la nyanja ya mchere limene nyanja yathu ilibe: m'malo ambiri madzi amakwera ndi kuphwa kaŵiri pa tsiku. Madzi akakwera amatsamiritsa ngalaŵa ku khoma la doko, ndipo akaphwa imatsala pouma. Pamenepo mwamuna ndi mkazi amakhala ndi maola oŵerengeka okha opalira, kutsuka ndi kupaka, madzi asanabwerenso. Ntchito imeneyi njosatheka kwa munthu mmodzi waulesi. Mutu umodzi susenza denga.

Mdani wachiŵiri ndi kukhuzana kwa zinthu. Ngalaŵa imagwedezeka usana ndi usiku, ndipo chingwe chimene chikukhuza pa chitsulo chingathe kuduka usiku umodzi wokha. Msoko wa thanga ukayamba kumasuka malo aang'ono ngati chala, mphepo yamphamvu imang'amba nsalu yonseyo. Choncho m'maŵa uliwonse wina amazungulira ngalaŵa yonse, kukhudza zingwe, kuyang'ana misoko, kumanga zomasuka. Singano yaikulu, ulusi wopaka phula ndi kachikopa kotchinjiriza chikhatho sizikhala patali. Nthaŵi ndi nthaŵi mmodzi amakokedwa ndi chingwe kukwera pamwamba pa mlongoti kukaona mawaya ouchirikiza, mnzake atagwira chingwecho pansi.

Adani ena ndi dzuŵa, mchere ndi chinyezi. Dzuŵa la maiko otentha limasuwa vanishi ndi kufooketsa ulusi wa matanga. Mchere umadyetsa dzimbiri unyolo wa nangula, ndipo zitsulo ziŵiri za mitundu yosiyana zikakhudzana m'madzi a mchere, china chimadyeka. Madzi a mvula akaloŵa m'ming'alu n'kukhala m'malo osapita mphepo amawoletsa matabwa. Palibe ngakhale chimodzi mwa izi chimene chimachita phokoso. Zonse zimadya mwakachetechete, ndipo zimadzaonekera pa tsiku la namondwe.

Tsiku la namondwe

Amene adaonapo mwera utakalipa pa nyanja yathu angathe kuganizira pang'ono mkwiyo wa nyanja zikuluzikulu. Njira imene banja la Pardey lidaikhulupirira, ndi kuiphunzitsa m'buku lawo lotchedwa Storm Tactics Handbook, idali yosathamanga ndi namondwe. Ankatsitsa matanga aakulu n'kusiya kathanga kakang'ono kolimba, namanga chiwongolero mwakuti ngalaŵa iloze chammbali kumene kukuchokera mphepo n'kuleka kupita patsogolo. Mphepo ikanyanya ankaponyanso m'madzi chinsalu chonga ambulera, chomangidwa ku chingwe chachitali, kuti chigwire ngalaŵa. Ikatero imangosendera pang'onopang'ono, ndipo anthu angathe kuphika ndi kupumula mpaka nyanja itabata.

M'chaka cha 2002, Bambo Pardey ali ndi zaka zoposa 60, aŵiriŵa adazungulira Cape Horn, kumapeto kwenikweni kwa South America, kumene amalinyero akhala akukuopa kwa zaka mazanamazana. Adadutsa kuchokera kuvuma kupita kuzambwe, molimbana ndi mphepo imene imawomba kumeneko, ndipo Taleisin idapirira. Kupirira kumeneko kudakonzedwa kale pa masiku abata, ndi singano, burashi ndi maso openyetsetsa.

Ndalama ndi ukalamba

Ena angaganize kuti moyo wotere ndi wa anthu olemera okha. Banja ili silidanyamuke ndi chuma. Ndalama zikachepa ankaima pa doko miyezi ingapo n'kugwira ntchito. Bambo Pardey ankakonza ngalaŵa za anthu ena, aŵiriwo ankalembedwa ganyu yoyendetsa ngalaŵa za eni ake kuchoka dziko lina kupita lina, ndiponso ankalemba nkhani ndi mabuku. Popeza zofuna zawo zidali zochepa, ntchito ya miyezi yoŵerengeka inkawakwanira kuyendera nthaŵi yaitali.

Pambuyo pake adapeza malo pa chilumba cha Kawau ku New Zealand, kumene adakhazikika atakalamba. Bambo Pardey adadwala nthenda ya Parkinson, imene imanjenjemeretsa ndi kufooketsa thupi, ndipo manja amene adakhoma ngalaŵa ziŵiri adaleka kugwira zida. Mayi Pardey adawasamalira kwa zaka zingapo, mpaka pamene matendawo adafuna anamwino a usana ndi usiku. Adamwalira pa 27 Julayi 2020 ali ndi zaka 80, atakhala m'banja zaka zoposa 51.

Ambiri a ife sitidzakwerapo ngalaŵa ya matanga, komabe m'nyumba zathu namonso muli misoko imene imayamba kumasuka pang'onopang'ono: mawu oŵaŵa amene sadapepesedwe, ngongole yobisira mnzako, mwana amene waleka kulankhula ndi atate ake. Inu makolo, zungulirani nyumba yanu kudakali bata, singano ili m'manja. Ndipo inu anyamata ndi atsikana amene mukuganiza za banja, musanaone nkhope ndi zovala, dzifunseni ngati munthuyo mungathe kumsiyira ulonda inu n'kugona tulo, ndiponso ngati iye angathe kugona pamene mlonda ndinu.